Udzu Wofiira wa Kuseri kwa Bafa

Lero Loweruka m'mawa amayi anatuma achimwene anga a Mphatso kuti atchetche kuseri kwa nyumba, chifukwa udzu unakula ndipo amayi amaopa njoka. Ine ndinali kutsuka mbale, mng'ono wanga Wezi akusewera ndi thovu. Mwadzidzidzi tinamva agogo aamuna akukuwa. Chibwerereni kuno ku Mzimba boma kudzakhala nafe, ndinali ndisanawamvepo akukweza mawu. Anatuluka opanda ndodo, opanda nsapato, koma anapeza chikwakwa chadutsa kale pa tsinde la udzu wautali umene unamera pafupi ndi bafa. Anatola udzuwo, anakhala pa njerwa, n'kutiitana tonse atatu. Zimene ananena ndazilemba monga ndinazimvera, ndipo mawu awo a Chitumbuka, monga enya (inde), mbwenu (basi) ndi yewo (zikomo), ndawasiya momwemo.

Khalani pansi, ana inu. Iwe Mphatso, ika chikwakwacho uko, usaime nacho ngati ukufuna kupitiriza ndi miyendo yangayi. Sindikukukalipira yayi. Anakutuma amayi ako ndipo wagwira ntchito yako. Khala apa. Tiwonge, pukuta manjawo ugwire udzu uwu. Wezi, iwenso gwira, suluma.

Mwauona mtundu wake? Kumunsi ndi wofiirira ngati dothi la pachulu mvula itangogwa. Ukauma umafiira wonse mpaka kunsonga. Tayesani kuupinda. Suthyoka msanga ngati udzu wa m'mbali mwa msewu. Anthu a kusukulu mwina ali nalo dzina lake, koma kwathu tinkangoti utheka uswesi, ndiko kuti udzu wofiira. Kuno ku boma mungayende kuchokera kumsika mpaka kuchipatala, simuupeza. Uwu ndi udzu wa kwathu, udzu wa agogo anu aakazi a NyaShaba. Mmene unafikira kuseri kwa bafa ndikuuzani, koma mundilole ndiyambire kumene unachokera.

Popita kumudzi, mukadutsa Champhira n'kukhotera kumene timakhotera kuja, pali mtunda uja mumadana nawo chifukwa galimoto imakudumphitsani. Wezi anandifunsapo tsiku lina kuti bwanji phiri limeneli lili ndi dazi ngati ine. Enya, lero lili ndi dazi. Koma ine ndili mnyamata ndinali ndi tsitsi, nawonso mtunda uja unali ndi tsitsi. Munthu wamtali ngati adada anu akalowamo, unkangoona udzu ukugwedezeka, iye osamuona. Malo ake ndi ouma, a miyala, n'chifukwa chake makolo sanavutike nawo kuwalima. Mitengo inali yochepa, masuku apa ndi apo basi.

Musaganize kuti panali udzu wofiira wokhawokha. Kumunsi cha kudambo kunali tsekera, wonenepa uja womangira mipanda. Pamiyala panali kaudzu kosalala komangira masache, kosesa bwino kuposa apulasitiki mumakanganirana awa. Pakati pa ziputu panali tizitsamba tambirimbiri, ndipo kalikonse kanali ndi mwini wake wokadziwa. Kena amayi anga ankakumba muzu wake mwana akamalira m'mimba. Kena tinkatafuna ife abusa tikamva ludzu. Chinaka chija mumagula pamsika chodulidwa ngati sopo, chimene amayi anu amati chikande, chinkamera kumunsi konyowa, ndipo azimayi ankakumba china, china n'kusiya. Ndiye moto ukadutsa, mvula isanagwe n'komwe, palupsa pakuda bii pankatuluka timaluwa tofiira ndi tachikasu, topanda ndi masamba omwe. Ndinkadabwa nato chomene. Dziko lonse louma, fumbi lili kobo, koma ito tatuluka. Atsikana ankatizika m'tsitsi popita kutchalitchi.

Ife abusa tinkadziwa kuti ng'ombe sizikwera pamtunda udzu usanadulidwe. Ng'ombe zinali ndi dambo lawo, lalikulu, lokwanira. Ikakupulumuka imodzi n'kulowa mu udzu, sunkaopa adada ako, unkaopa azimayi. Ankakutsina khutu mpaka kukafika nalo pakhomo. Khutu langa lamanzereli mukuliona kuti ndi lalitali? Usaseke, Wezi, lina ndi ukalamba.

Udzu unali ndi nthawi yake. Mvula ikatha, chimanga chikalowa m'nkhokwe, kuzizira kukayamba kuluma zala, azimayi achikulire ankakwera pamtunda. Ankathyola ngala imodzi, kuifikisa m'manja, kenako n'kuuzira. Njere zikakakamira, ankabwerera osanena kanthu, ndipo palibe ankatenga zenga. Zikayoyoka zokha, mbwenu ankalulutira ali pomwepo, ndipo m'mawa mwake midzi yonse yozungulira inkadzadza pamtunda. Podula sunkameta mpaka pansi, unkasiya chiputu chotalika ngati chikhatho. Sunkamalizanso ponseponse, apa ndi apo unkasiya tsinde lathunthu lili chiimire. Koma chachikulu chinali ichi: udzu unkaupesera komweko. Unkatenga kamtolo, kukamenya pamwala, kukakoka pa chipeso cha mitengo yosongoka, kuti njere ndi zinyalala zigwere pamene udzuwo unamera. Kunyumba unkapita ndi mapesi okha, oyera, owongoka. Moto unkabwera pambuyo, aliyense atatuta mitolo yake, ndipo tinkayatsa m'mawa mame asanaume, moto woyenda chokwawa, woti mwana n'kuudumpha.

Agogo anu ndinakomana nawo pa nkhani yomweyi ya kupesa. Iwo anali a mudzi wa kuseri kwa mtunda. Ine nthawi imeneyo ndinali nditayamba kuphunzira kufolera kwa asibweni anga, amene inu munganene kuti amalume, ndipo ndinkadziona ngati munthu. Tsiku limenelo ndinali ndi changu, ndinadula, kumanga mtolo, n'kuutukula osapesa. Ndinangomva mawu kumbuyo.

"Imwe a pamwamba pa nyumba za eni, mtolo umenewo ngwa mbuzi kapena ngwa denga?"

Ndinatembenuka. Kamtsikana kakafupi, kazenga m'manja, nkhata ili pamutu popanda katundu.

Ndinati, "Ndikapesera kunyumba."

Iwo anati, "Pabwalo panu pakusowa udzu? Mwatenga mayi, mwatenganso ana. Chaka cha mawa mudzafolera ndi chiyani, malaya anuwo? Masulani."

Azimayi onse anasiya kudula n'kumandiyang'ana. Ndinamasula, ana inu. Ndinapesa mtolo wonse iwo ataima pambali, akundiuza pamene ndalumpha. Pofika nyengo yodula yotsatira, ng'ombe za adada zinali zitawoloka mtunda kukapereka malowolo kwawo kwa agogo anu, ndipo kamtsikana kaja kanali kakundilamula m'nyumba mwanga.

Nyumba yathu ndinafolera ndekha ndi udzu umene anadula iwo. Kufolera si kuunjika udzu pamwamba ngati mmene amachitira anyamata a masiku ano, amene amayala chipepala chakuda n'kuponyapo udzu kuti chisauluke. Umayambira m'mphepete, matsinde ataloza pansi, kumanga ndi luzi ku mbalo, mzere uwu kuphimba mzere uwo, kumamenya ndi kathabwa kuti pafanane, mpaka kukatseka pansonga. Ukatsika uli ndi zilonda m'manja ndi m'maondo, koma ukayang'ana m'mwamba mtima umakhala pansi. Denga la udzu wofiira, mwana wobadwira m'menemo ankayamba kuweta ng'ombe lisanadonthe. M'chilimwe mkati munkazizira ngati pansi pa mtengo. M'nyengo yozizira ya kwathu, imene inu mumaiopa kuti madzi amaluma, munkafunda. Ndipo mvula ikamagwa inkangoti waaa, ngati munthu akupeta chapatali.

Ndinapitako kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ndiko ndinatola Chichewa changa chopindikachi chimene mumandiseka nacho. Ndinkafolera zigafa. Koma kuzizira kukayamba, miyendo inkandiyabwa, ndinkapempha tchuthi kuti ndikapezeke pamtunda. Nthawi zina ndinkatsika galimoto ku Jenda n'kuyenda wapansi, kabaza kunalibe, thumba la shuga ndi sopo lili paphewa. Ndikamayandikira, ndinkawaonera patali agogo anu, osati iwo enieni, koma mtolo ukuyenda wokha m'njira ngati uli ndi miyendo.

Adada anu atayamba ntchito anabwera ndi mawu akuti, "Amama, ndikugulireni malata." Agogo anu anaseka. Anati, "Malata aja mvula ikamagwa mwana akalira sumumva? Gula ako, Dada, ine denga ndili nalo." Anakana mpaka kalekale.

Tsopano mundifunse kuti tsitsi la mtunda linapita kuti. Ana inu, palibe munthu mmodzi amene ndingamuloze chala. Linapita pang'onopang'ono ngati langali, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chake chomveka. Anthu tinachuluka. Fodya anafika m'midzi, nyumba iliyonse inafuna chigafa, chigafa chilichonse chinafuna udzu. Kunayamba kubwera ngolo zogula mitolo kupita nayo kumsewu. Wina anaganiza kuti akadikira azimayi achikulire apeza anzake atamaliza, choncho anadula njere zikadali zaziwisi. Mnzake ataona, anadula mofulumira kuposa iye. Kupesa ankakapesera kumsewu pamene wogula akuona, njere n'kumagwera pa phula.

Dambo lija nalo anthu analigawana, linasanduka madimba a tomato, anyezi ndi mbatatesi. Sindikunyoza, madimba amenewo ndiwo anaphunzitsa ana ambiri sukulu, ena mwa iwo abale anu. Koma ng'ombe zikanadya kuti? Zinakwera pamtunda, dzinja ndi chilimwe chomwe. Udzu ukangophuka, mbwenu lilime lafika. Abusa anayamba kuyatsa moto kuti msipu utuluke msanga, osaka mbewa nawo kuyatsa wawo, dzuwa lili pamutu, mphepo ikuwomba. Moto wa masana sukwawa, umathamanga, ndipo umapsereza chiputu mpaka mumtima. Ogula chinaka anabwera ndi matumba, azimayi anakumba osasiya kanthu. Pambuyo pake makasu anakwera, mizere inafika pamiyala pamene makolo anapakana. Chimanga chinabereka zaka zochepa, kenako dothi linatsika ndi mvula, n'kusiya zigwembe zija zimakudumphitsani m'galimoto.

Mtunda sunakhale wopanda kanthu. Eni ake atachoka, panabwera alendo. Panabwera nansongole wolasa kumapazi, chisoso chomata masokosi, deliya wa m'mbali mwa msewu, ndi kapinga pamene ng'ombe zimagona. Munthu wodutsa m'dzinja amati, "Koma kwanu n'kobiriwira!" Enya, n'kobiriwira. Koma timaluwa ta palupsa tija ndinatiyang'ana chaka ndi chaka mpaka ndinaleka. Muzu wa m'mimba uja palibe mwana wa kumudzi angakulozereni lero. Zinziri zimene zinkatidzidzimutsa pouluka zinapita ndi udzu womwewo.

Agogo anu okha sanasinthe. Ankadikirabe mpaka njere ziyoyoke, ngakhale kuti pofika nthawi imeneyo ankangopeza totsalira m'mbali mwa miyala. Ankapesabe pamtunda, okhaokha, chipeso chawo chitatha mano. Atsikana opita kumadimba ankawaseka.

"Agogo, mukupesera mphepo?"

Iwo ankati, "Ndikubweza za eni."

Chaka chimene anadwala sanathe kukwera. Ndinapita ndekha, ndinayenda mtunda wonse, n'kubwera ndi timitolo tochepa togambira pamene pankadontha. Anali gone pamphasa pakhonde. Sanandifunse kuti mwapeza wochuluka bwanji. Anati, "Mwapesera komweko?" Ndinati enya. Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, n'kuti, "Denga langa musadzalisiye liwole." Iwe Tiwonge unali wamng'ono, koma maliro aja ukuwakumbukira, unalira chifukwa nsapato zinkakuthina.

Kenako miyendo yanga inayamba kutupa, adada anu n'kunditenga kuti ndikhale pafupi ndi chipatala. Ndimakhala bwino kuno, musamve molakwa. Ndimadya, ndimafunda bulangete, amayi anu amanditenthetsera madzi. Koma usiku woyamba mvula itagwa pa malatawa, ndinakumbukira mawu a agogo anu, ndipo ndinaseka ndekha mpaka misozi.

Chaka cha dzana, nyengo yozizira, mng'ono wanga Yotamu anatumiza uthenga kuti denga la nyumba ya NyaShaba lafwamphuka pakati, silipirira mvula ina. Mukukumbukira ndinapita kumudzi ndi zenga litakulungidwa m'nyuzipepala, Mphatso n'kumandifunsa ngati ndikukamenya nkhondo? Ndinkakafuna udzu. Ine ndi Yotamu tinakwera mtunda, madala awiri, kupuma pamwala uliwonse. Tinayenda mbali ya kwathu, tinayenda mbali ya kwawo kwa agogo anu. Tinapeza nansongole, tinapeza maenje a njerwa, tinapeza lupsa pamene moto unali utadutsa kale. Udzu wofiira, ngakhale wodzaza dzanja limodzi, ayi. Tinatsikira kumsewu kwa ogulitsa mitolo. Ndinasolola phesi limodzi, lalifupi, lotuwa, lodulidwa laliwisi. Ndinalipinda, linathyoka ngati machesi. Mnyamata wogulitsa anati, "Adada, masiku ano udzu ndi womwewu, mumangoikira pepala pansi." Sanandinamize.

Pobwerera ndinati kwa Yotamu, tiye tidzere kumalaro, kumene inu mumati kumanda, ndikawauze eni nyumba kuti ndalephera. Malaro athu ali paphewa pa mtunda womwewo, pakati pa masuku. Kumeneko ng'ombe sizilowa, moto amautchinga ndi njira yolambula, ndipo palibe amatolako ngakhale nkhuni imodzi. Titangokhota, ndinaima. Yotamu anandigunda kumsana. Ana inu, udzu unali pamenepo. Wofiira, wautali kundiposa, ngala zitalemera, ukugwedezeka monga unkachitira kale. Unazungulira manda onse, ndipo pa manda a agogo anu unali wothithikana koposa. Pansi pake ndinaona masamba a muzu wa m'mimba uja. Zonse zimene tinazithamangitsa pamtunda zinathawira kwa akufa.

Yotamu anayang'ana zenga langa, anayang'ana uku ndi uku, n'kunena chapansipansi.

"Akulu, apa patuluka mitolo yokwanira pakati paja. Nyumba ndi yawo yomwe. Angakane?"

Ndinati, "Yotamu, cha kumalaro chinalowapo m'mudzi?"

Anati, "Ndani akutiona?"

Ndinati, "Onsewa."

Sindikunama, dzanja linkandiyabwa. Ndinaliona denga lonse m'maso mwanga, mzere ndi mzere. Koma kwathu cha kumalaro chimatsala kumalaro. Ndi lamulo lomwelo limene linausunga udzuwo, ndiye ine ndikanakhala woyamba kuliphwanya? Zenga ndinamupatsa Yotamu kuti agwire. Ndinakankha udzu ndi manja, kulowa mpaka pamanda, n'kugwada. Ndinati, "NyaShaba, udzu wanu ndaupeza, koma mwaugonera. Denga lija ndalephera." Inali nthawi yake yeniyeni, njere zinkayoyoka zokha, ndinkazimva zikundigwera pamapewa.

Potuluka tinasamba m'manja ndi kumapazi monga mwa mwambo. Koma ndili mu minibasi, titadutsa Champhira, ndinamva kuyabwa m'miyendo. Kuyang'ana buluku langa lakuda lija, njere zili mbwee, zina zitabaya nsalu, zina zitadzaza m'mapindiro. Ndinaganiza zozikutumulira pawindo. Dzanja linakana. Ndinati mumtima, ine sindinatenge kanthu, izi zanditsata zokha. Nditafika ndinapachika bulukulo pa msomali, osadziwa kuti ndichite nalo chiyani. M'mawa mwake ndinapita kuchipatala kukatenga mankhwala, ndipo pobwera ndinalipeza lili pa chingwe, likudontha madzi. Iwe Tiwonge unalichapa, mwana wa ulemu, osatumidwa ndi munthu. Usagwetse nkhope. Ndinakuuza kuti yewo, ndipo lero ndikubwerezanso. Madzi ochapira unakataya kuseri kwa bafa.

Dzinja limenelo nyumba ya agogo anu inagwa. Denga linayamba, zipupa zinatsatira. Yotamu anapulumutsa chitseko ndi mtondo. Uthengawo utafika ndinazungulira kuseri kuno kuti musandione nkhope, ndipo ndi tsiku limenelo ndinaona timasamba tatuluka apa, kumunsi kwake kofiirira. Ndinagwada m'matope ngati wamisala. Ndinazula chisoso chimene chinkatipanikiza. Kuyambira pamenepo mumandiona ndikubwera kuno m'mawa uliwonse, ndipo Wezi amauza anzake kuti agogo amakonda kununkhiza bafa.

Chaka chatha adada anu ndi abale awo anamanga chiliza cha amayi awo. Munaliko, munavala zofanana, munaimba. Anachita ndi chikondi, ndipo chilizacho n'chokongola. Koma pokonzekera alendo, anyamata analowa kumalaro ndi makasu, anapala ponseponse mpaka dothi kuyera, ziputu n'kuziunjika kunja, kuzitentha. Mabanja ena nawo akumanga ziliza, ndiye tsopano amapala chaka ndi chaka. Ndinafika atamaliza. Ndikanati chiyani, anthu akusesera amayi awo? Yotamu akuti dzinja lino kwamera chisoso. Choncho udzu wofiira wa pamtunda paja umene ine ndikuudziwa, wotsala ndi uwu uli m'manja mwangawu.

Chaka choyamba unangotulutsa masamba. Chaka chino ndi pamene unabereka ngala. Ndinkadikira kuti kuzizira kufike, njere zikhwime, ndizitengere kumudzi, ndikazifese pamene panali nyumba, n'kutchinga ndi minga kuti mbuzi zisafike. Sindinkaganiza zofoleranso, manja awa anatha. Ndinkangofuna kubweza za eni. Panangotsala pang'ono. Taonani, ndikufikisa m'manja, zikukakamira, mkati mukadali mkaka.

Ukufunsa kuti bwanji sindinanene, Mphatso? Wafunsa bwino. Ndikanauza yani? Bwalo ili ndi la amayi anu, ndipo amayi anu ndi mkamwana wanga. Kwathu mkamwana ndi adada a mwamuna wake sakhala pa mkeka umodzi n'kumakambirana za kuseri kwa bafa. Timalemekezana patali. Ndiye ndikanayamba bwanji kunena kuti pakhomo panu pamera chinthu chochokera kumanda? Akanagona tulo? Adada anu nawo amachoka m'mawa, kubwera atatopa, ndipo nkhani ya amayi awo ikayamba amatuluka panja. Ndinati ndikhale chete, miyezi yatsalayi ndi yochepa. Lero ndinachedwa kudzuka chifukwa cha mwendowu, mbwenu.

Pukuta maso, mnyamata wamkulu ngati iwe. Bwera uone. Wadula bwino, wasiya chiputu chotalika ngati chikhatho, agogo ako akanakuyamikira. Chikwakwa sichipha udzu uwu, chimene chimapha ndi khasu ndi moto wa masana. Mvula ikadzabwera udzaphukanso. Kungoti njere zake ndi za chaka cha mawa, nyengo yozizira, ndipo ine ndi miyendo iyi sitinapangane kuti tidzafika kumeneko.

Ndiye tambasulani manja nonse atatu. Ngala mumaigwira chonchi. Mumafikisa pang'onopang'ono, osati ngati mukuchapa. Kenako mumauzira. Zikakakamira ngati izi, mubwerere, musauze munthu. Zikayoyoka zokha, zakhwima. Theka mudzagwetsere pompano pamene unamera. Theka mudzapite nalo kwa agogo anu a Yotamu, adzakulozerani pamene panali khonde. Wezi, iwe ndiwe wa mawu akulu, udzalulutire.

Agogo atafika pamenepa anasiya kuyankhula. Sitinadziwe kuti amayi anali atamva zonse ali pa ngodya ya nyumba. Iwo kwawo ndi ku Dedza, koma mwambo wa kuno anauphunzira. Anagwada pomwepo, chapatali, osayang'ana agogo, n'kuitana Wezi.

"Wezi, uwauze agogo kuti ndimafuna kulima mpiru pamenepo, koma khasu silifikapo. Uwauzenso kuti madzi a ku bafa azipitabe komweko."

Wezi anatembenuka kuti anene, koma agogo anali atamva kale. Anati, "Uwauze amayi ako kuti yewo chomene."

A Mphatso anatuta zidutswa za njerwa n'kuzungulizira chiputu chija. Ine ndinabwerera ku mbale zanga. Nditasuzumira kachiwiri, agogo anali akadali pamenepo, opanda nsapato. Anali atasonkhanitsa udzu wodulidwa uja, kamtolo kosadzaza ndi dzanja lomwe, akukamenya pang'onopang'ono pa njerwa ndi kukapesa ndi zala, pamwamba pa chiputu. Palibe njere inagwa, koma anapesa mpaka kumaliza.